Chikuku Chofiira Chatsala ku Polisi

Galimoto ya bambo itangoima pabwalo, Kamoto anathamangira kumbuyo kwake kuti atsitse chikuku choyendera cha mlongo wake. Anapezako zidutswa za zitsulo, chitini cha penti ndi chingwe. Chikuku kunalibe.

Kamoto anali mtsikana wa ku sekondale, ndipo dzinali anamupatsa ndi amayi ake chifukwa sankachedwa kuyaka. Mlongo wake wamng'ono anabadwa ndi miyendo yosalimba, koma akakhala pachikuku chake ankakhota m'makona mwaliwiro mpaka anthu anamutcha Dalaivala. Mmawa wa tsikulo bambo awo, omwe ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, anatenga chikukucho kuti akawongole tayala lomwe linkapendama.

"Bambo, chikuku chili kuti?" anafunsa Kamoto.

Bambo anazimitsa injini, nakhala kanthawi manja ali pachiwongolero. Kenako anatsika pang'onopang'ono.

"Chatsala ku polisi, mwana wanga."

Amayi anatuluka m'nyumba manja ali thovu lokhalokha. Dalaivala, yemwe anakhala pampando pakhonde tsiku lonse kudikira, anatukula khosi. Bambo anafotokoza kuti apolisi a pamsewu anawaimitsa pobwerera. Anaona chiphaso choyendetsera, matayala ndi magetsi, zonse zinali bwino. Koma wapolisi wina atasuzumira kumbuyo, anapeza chikuku penti isanaume n'komwe.

"Ndinafuna kumusangalatsa mnyamatayu, ndiye ndinachipenta mofiira," anatero bambo. "Sindinazindikire kuti ndakwirira nambala yomwe achipatala anadinda pachitsulo. Akuti masiku ano zikuku zikubedwa, ndipo akubawo amazipenta kuti zisadziwike. Pepala losonyeza kuti n'chathu ndinalibe."

"Ndiye inu munangoyang'ana akuchitsitsa?" Kamoto anakweza mawu. "Osanena chilichonse? Mwana ayenda bwanji mawa?"

"Kamoto, amenewa ndi bambo ako," amayi anamudula.

Bambo anangoyang'ana zala zawo zomwe zinali ndi madontho ofiira. Amene anathetsa bata anali Dalaivala.

"Bambo, koma chafiira bwino?"

"Chafiira psuu, ngati galimoto yozimitsa moto."

"Ndiye basi achisirira," anatero mnyamatayo. "Mwina pano mkulu wa apolisi akuzungulira nacho muofesi."

Amayi anaseka pang'ono, koma Kamoto analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

Kutacha, bambo anamusiya Dalaivala kusukulu. Kuchokera pageti mpaka m'kalasi anamubereka pamsana, ana ena akutembenuka kuyang'ana. Kamoto ankatsatira pambuyo atanyamula chikwama cha mlongo wakeyo. Atamukhazika padesiki, anamuikira botolo la madzi pambali, koma mnyamatayo analikankha.

"Litengeni, achemwali. Lero sindimwa madzi."

"Chifukwa chiyani? Kukutentha chonchi?"

Dalaivala anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona, "Ndikamwa ndifuna kupita kuchimbudzi. Andinyamula ndani?"

Mawu amenewo anamuzungulira Kamoto m'mutu tsiku lonse. Aphunzitsi ankalemba pabolodi, iye osaona kanthu. Ataweruka anawauza bambo kuti ku polisiko apita nawo, afune asafune.

Chipinda cholandirira anthu ku polisi chinali ndi benchi lalitali lotsamira khoma ndi kauntala yamatabwa yotha penti. Padenga feni inkazungulira mwaulesi. Anadikira nthawi yaitali, mpaka anaitanidwa ndi wapolisi wamkazi, wamtali, wa magalasi, yemwe anzake ankamutchula kuti Sajeni. Iyeyu ndi amene ankayang'anira katundu wolandidwa.

Bambo anavula chipewa n'kufotokoza nkhani yonse modekha. Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, bambo," anatero. "Koma sindingachitulutse lero. Mubweretse kalata ya kuchipatala komwe anakupatsani, yokhala ndi nambala yake. Palinso munthu wina amene ayenera kuchiona kaye. Mubwere mawa masana."

"Mawa?" Kamoto anadumphira kutsogolo kwa bambo ake. "Mlongo wanga wakhala ndi ludzu tsiku lonse chifukwa cha inu! Mukufuna akuba? Akuba ndi inu, olanda miyendo ya mwana!"

Anthu a pabenchi anaweramitsa mitu. Sajeni anavula magalasi, namuyang'ana Kamoto kwa kanthawi.

"Bambo, mwanayu ndi wanu?"

"Ndi wanga, bwana. Mumukhululukire, mtima wamupweteka."

"Tulukani naye. Tionana mawa."

Panja Kamoto ankadikira kuti akalipiridwa, koma bambo anangotsegula galimoto n'kukhala. Sanalize injini.

"Ukuganiza kuti ine sindinapse mtima pamsewu paja?" anatero motsitsa mawu. "Chikuku chija ndinachigwira mpaka wapolisi anachita kundichotsa zala. Koma ndinaganiza kuti ndikapitirira apa, atenga chikuku ndi ine ndemwe. Nanga mlongo wako akanamubereka ndani lero?"

Kamoto anayang'ana kunja pawindo. Manyazi anali nawo pang'ono chifukwa cha bambo ake, koma za Sajeni uja mtima wake sunasinthe. Ankamuona ngati munthu wopanda chisoni.

Tsiku lotsatira amayi analawirira kuchipatala ndipo anabwera ndi kalata ija. Masana onse anayi anapita ku polisi, chifukwa Dalaivala anakana kutsala. Anati galimoto yake akailandire yekha.

Pabenchi anapezapo mayi wina wowonda, atafukata mtsikana wa msinkhu wa Dalaivala. Mtsikanayo anali wamkulu kale moti sankakwana pamiyendo ya mayi ake. Timiyendo take tinkalendewera, titavekedwa masokosi oyera bwino. Bambo anamukhazika Dalaivala pafupi nawo, ndipo mnyamatayo sanachedwe kuyambitsa macheza.

"Iwe walakwa chiyani kuti ubwere kuno?"

Mtsikanayo anaseka mobisa nkhope. "Sindinalakwe. Tabwera kudzatenga chikuku changa."

Kamoto anatembenukira kwa mayi uja, ndipo mayiyo anafotokoza mosangalala ngati munthu amene wasunga nkhani yabwino kwa nthawi yaitali.

"Anatibera mwezi watha. Ndinachitsuka n'kuchiyanika pakhonde, ine n'kulowa m'nyumba kukamusambitsa mwanayu. Potuluka, palibe. Kuyambira pamenepo sukulu anasiya, chifukwa ine ndimagwira ntchito yochapa m'nyumba za anthu, sindingathe kumunyamula kupita ndi kubwera. Koma a Sajeni aja, Mulungu awadalitse. Sanatope nafe. Anauza anzawo onse a pamsewu kuti akaona chikuku chokayikitsa asachilole kudutsa. Dzulo anatiimbira kuti chapezeka china."

"Changa n'chabuluu," anawonjezera mtsikanayo, "koma akuti akuba achipenta mofiira. Zilibe kanthu. Chofiira n'chokongolanso."

Amayi ndi bambo anayang'anizana.

Posakhalitsa Sajeni anatulukira pakhomo lakumbuyo akukankha chikuku chokutidwa ndi pulasitiki. Anati denga la mosungira katundu limadontha, ndiye sanafune kuti chichite dzimbiri. Atachivundukula, chinawala psuu pakati pa chipindacho. Ana awiri aja anasendera kutsogolo nthawi imodzi.

Mayi uja anamukhazika mwana wake pabenchi n'kuyandikira. Anagwira potsamira, anagwira popondera mapazi, anayendetsa dzanja pansalu yokhalira. Nkhope yake inayamba kugwa pang'onopang'ono. Sajeni anatenga kampeni, napala penti pachitsulo chapansi mpaka nambala inaoneka. Anaiyerekeza ndi kalata ya amayi, kenako ndi pepala la mayi winayo.

"Musavutike, bwana," anatero mayiyo. "Ndaona kale. Si chathu."

Kamoto ankaganiza kuti nthawi imeneyi ikadzafika adzakuwa ndi chimwemwe, mwinanso kumuyang'ana Sajeni m'maso monyada. Koma maso ake anali pa mtsikana uja. Mwanayo sanalire. Anangokoka masokosi ake m'mwamba, wina kenako winayo, n'kunena motsitsa, "Amayi, tiyeni tizipita."

Sajeni anasiya kampeni pakauntala, nanjuta patsogolo pa mtsikanayo mpaka nkhope zawo zinafanana msinkhu.

"Pepa, mwana wanga. Ndakuyendetsa ulendo wachabe," anatero. "Ndinafunitsitsa kuti chikhale chako. Koma sindinasiye kufufuza, wamva?"

Ataimirira, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Kenako anawapatsa bambo pepala loti asaine, nawauza kuti kalata ya kuchipatala ija aziyenda nayo m'galimoto nthawi zonse akanyamula chikuku.

"Nanunso pepani," anawonjezera. "Mwana wanu wavutika masiku awa."

Kamoto anayandikira kauntala.

"Bwana," anayamba, "zimene ndinanena dzulo zija... sindinkadziwa. Mundikhululukire."

Sajeni anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Anandiwawa mawu aja, usaganize kuti yunifomu imatchinga," anatero. "Ndinapita nawo kunyumba. Koma ndinaonanso kuti mnyamatayu ali ndi mchemwali. Pita, zatha."

Bambo anamunyamula Dalaivala n'kumukhazika pachikuku chake. Mnyamatayo anagwira matayala, napita kutsogolo pang'ono, n'kubwerera. Tayala lija silinkapendamanso. Koma sanakhote mwaliwiro monga mwa masiku onse. Ankayang'ana pakhomo, pomwe mayi uja anali atawerama kuti mwana wake akwere pamsana.

"Mayi, mukulowera kuti?" anafunsa bambo. "Galimoto yanga ndi yokalamba, koma malo alipo. Tikakutulani."

Mayiyo anakana kaye mwaulemu, koma amayi anamugwira dzanja mpaka anavomera. Galimoto inali itaimikidwa kutali, kutsidya kwa bwalo lalikulu la simenti lomwe linali kutsogolo kwa polisi. Atatuluka panja, Dalaivala anamukoka Kamoto siketi.

"Achemwali, msana wanu uli bwino?"

"Uli bwino. Bwanji?"

"Ndiberekeni. Mnzangayu ayendetse mpaka pagalimoto." Kenako anatembenukira kwa mtsikanayo. "Koma usamale, mabuleki ake ndi akuthwa. Ukaphwanya, apolisi ali pompano."

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana bambo, bambo anagwedeza mutu movomera. Kamoto anawerama ndipo Dalaivala anamukolowekera manja m'khosi. Anali wolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo anadabwa kuti bambo ankamubereka osadandaula.

Mtsikana uja atakhala pachikuku, anayamba wagwira matayala mwamantha. Anakankha kamodzi, chikuku chinasuntha. Anakankhanso mwamphamvu. Posakhalitsa anali pakati pa bwalo, malaya akuuluka, akuseka mokweza mpaka apolisi awiri omwe anaima pageti anatembenuka. Atafika pagalimoto sanaime. Anakhota n'kubwerera, akukuwa, "Amayi, taonani! Sindinaiwale!"

Mayi ake anaima chilili, manja ali lende, osadziwa pokawaika. Kenako anaphimba nawo kumaso, mapewa akugwedezeka. Amayi a Kamoto anawakumbatira. Pawindo la ofesi, Sajeni anali ataima akuyang'ana.

Dzuwa linkawotcha ndipo thukuta linayamba kutsika pamphumi pa Kamoto. Bambo anayandikira n'kutambasula manja.

"Bwera naye kuno, watopa."

"Ayi, bambo, inu pumani. Mwamubereka mokwanira."

Mtsikana uja anafikanso pagalimoto n'kuchepetsa liwiro, akuwayang'ana ngati akufunsa ngati nthawi yake yatha. Dalaivala anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu la mchemwali wake.

"Achemwali, musamuitane msanga. Musiyeni azungulirenso kamodzi."

Kamoto anamukweza bwino pamsana, ngakhale manja anali atayamba dzanzi, n'kukuwira mtsikanayo:

"Pitiriza, iwe! Sitikufulumira!"