Kapu ya Mankhwala Owawa

Maness anatsinzina n'kugugudiza mankhwala owawa, kenako anathamangira kuseri kwa nkhokwe kukasanza. Amayi ake, a Anastasia, anangopukusa mutu.

"Umwenso ena, mwanawe. Zaka zonsezi pabanja popanda mwana! Pa Golomoti pano tasanduka choseketsa."

Fanuel, mwamuna wa Maness, ankanola chikwakwa pakhonde, koma mtima unkamuwawa. Mwezi wathawo awiriwa anapita kuchipatala mwakachetechete, ndipo adokotala anapeza kuti Maness alibe vuto lililonse. Vuto linali la Fanuel: umuna wake unali ndi mbewu zochepa kwambiri.

"Musauze munthu," Maness anamuchonderera tsiku limenelo. "Inu ndinu mkamwini pano, amayi akamva akupirikitsani. Bola ine ndizingomwa zowawazo."

Fanuel anali munthu wamanyazi zedi. Chikwatirire, akaona apongozi ake akubwera ankapatukira kutchire monga mwa mwambo, ngakhale kukhale chitedze. Koma m'mawa umenewu, ataona kapu ikudzazidwanso, anaika chikwakwa pansi. Anapita kukagwada chapatali pang'ono, maso ali pansi.

"Amayi, pepani. Mwana wanuyu musamuvutitsenso. Wodwala ndine."

Anafotokoza zonse zimene adokotala anapeza. Maness anaima chilili, misozi ili chuchuchu.

"Ngati mukuti ndinyamule katundu wanga, ndinyamula," anamaliza motero Fanuel.

A Anastasia anayang'ana kapu ija, n'kuyang'ananso mkamwini wawo.

"Ndiye mukundiuza kuti ndakhala ndikukwera phiri kukakumba mizu ndi mawondo angawa pachabe? Ha! Koma anthu inu!" Anakhuthulira mankhwala aja pansi, nkhuku n'kuthamangira, koma zitanunkhiza zinabwerera. "Nanga adokotalawo anati chiyani?"

"Anati ndisiye fodya, ndizidya bwino, ndipo ndizipitanso kukaonana nawo. Mwina zitheka, mwina ayi."

"Zitheke, zisatheke, pano simuchoka. Ana a mng'ono wake wa Maness akamakuthamangirani pokuchingamirani, mumayesa amakuonani ngati mlendo? Ndipo mpunga wathu wa kumunda wa ku Bwanje uja akolole ndani, ine? Dzukani apo, mukuda mawondo."

Maness anaseka misozi ikadali m'masaya. Fanuel anatola kapu ija, n'kuitsuka bwinobwino ndi phulusa mpaka fungo la mizu litatheratu. Kenako anathiramo tiyi wotentha, anaika shuga wambiri, n'kupatsa mkazi wake ndi manja awiri.