Mwai Akana Amayi Ake

Flora anagona m'chipatala ku Zomba miyezi inayi. Tsiku lomwe anabwerera ku Malemia, anatambasula manja kuti anyamule mwana wake Mwai, koma mwanayo anakuwa n'kukakamira khosi la azakhali ake, a Doris.

A Doris anali mchemwali wa Stewart, mwamuna wa Flora. Banja la a Doris linatha chifukwa chosabereka, ndipo anachoka ku Naisi kudzalera mwanayo Flora atadwala. Mwai akangomva mawu awo panja ankaseka n'kukwawira kukhomo. Akamunyamula Flora ankadzipotokola ngati wagwidwa ndi mlendo.

Flora zinamudya mumtima. Ankayima pazenera n'kumaonerera awiriwo akusekererana, misozi ili chuchuchu. Atadandaulira Stewart, iye anangoti afatse, mwana azolowera.

Lamlungu lina pochokera kutchalitchi, mayi wina anatchula a Doris kuti amake Mwai. Atafika kunyumba, Flora anamenyetsa chitseko mpaka loko kuguluka.

"Alamu, mwamudyetsa chiyani mwana wanga? Wanu anakukanikani, ndiye mwati mulande wangayu?"

Stewart anamukalipira kuti akhale chete, koma mawu anali atatuluka kale. A Doris anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndamudyetsa phala, alamu, palibenso china. Akamva njala amaona nkhope yanga. Akalira, msana ndi wanga. Mwana sadziwa amene anamubereka, amadziwa amene amabwera iye akalira."

Flora anayembekezera kuti a Doris alongedza tsiku lomwelo, koma m'mawa mwake anamupatsa mbale ndi sipuni, n'kumuuza kuti kuyambira pamenepo kudyetsa, kusambitsa ndi kubereka kumbuyo zonse ndi zake. Iwo ankalawirira kudimba la mpunga kuti mwana asamawaone.

Sabata yoyamba Mwai ankalavula phala n'kulira mpaka mawu kusasa. Tsiku lina Flora akupita kukataya madzi anapeza a Doris kuseri kwa bafa, atatseka makutu ndi manja, akulira mwakachetechete. Anabwerera manyazi atamugwira.

Pakutha pa mwezi, Mwai anayamba kutsegula yekha kukamwa akaona Flora atanyamula mbale, ndipo ankagona tulo kumsana kwake. Apo m'pamene a Doris anamanga katundu wawo. Flora anagwada pakhonde n'kuwagwira miyendo.

"Ndikhululukireni, alamu. Pakamwa panga panandilakwitsa. Musapite."

"Ndinakhululuka kale. Koma ndikakhala, nsanje ija ibwera kwa ine."

Stewart anaitana wakabaza. A Doris anakwera osacheuka, poopa kuti mwana akawaona alira. Njinga inatsetsereka kulowera kumsewu wa Liwonde, iwo atatchera khutu kumbuyo. Mwai sanalire.