Wandibera Mizere Yanga!

"Zakia! Ndiwe wakuba! Wandibera mizere yanga!"

Amene akukuwayo ndi Awa. Awa amakhala ku Nkopola. Zakia ndi mng'ono wake. Nkhani yawo inayamba chonchi.

Ababa amagwira ntchito ku Joni. Anapita kalekale. Tsopano anali pafupi kubwera. Awa anafuna kuwalukira mkeka. Osati mkeka wamba ayi. Mkeka wa mizere yakeyake.

Amayi ananyika milaza mu utoto. Ina inafiira. Ina inasanduka yachikasu. Ina anaisiya yoyera.

Awa anayala milaza pakhonde. Anayesa. Anaphwasula. Anayesanso. Anaphwasulanso. Msana unapweteka. Kenaka anaomba m'manja.

"Ndapeza!" anatero. "Yofiira iwiri. Wachikasu umodzi. Yoyera iwiri."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Zakia.

"Yofiira ndi bwato la Ababa. Wachikasu ndi mango a pakhomo pano. Yoyera ndi kofia ya Ababa."

Awa anayamba kuluka. Mlaza wina unapita uku. Wina unapita uko. Pamene inapingasana, panatuluka timabokosi. Timabokosi tofiira. Timabokosi tachikasu. Timabokosi toyera.

Mkeka sulukidwa wonse nthawi imodzi. Amayamba aluka malamba aataliatali. Kenaka amasoka malambawo pamodzi.

Lamba wa Awa ankakula pang'onopang'ono. Zala za Awa ndi zochedwa. Zala za Zakia ndi zachangu.

Zakia anakhala kuseri kwa nyumba. Nayenso ankaluka. Ankanong'ona yekha. "Yofiira iwiri. Wachikasu umodzi. Yoyera iwiri."

Tsiku lina kunabwera Mayi Elina. Mayi Elina amagulitsa mikeka pamsewu. Anaona lamba wa Zakia. Anaima.

"Eee! Koma mwana iwe!" anatero. "Mizere yokongola chonchi? Sindinaionepo. Zakia, uli ndi mutu!"

Zakia anamwetulira. Sanati, "Ndi ya Awa."

Awa anamva zonse. Mtima wake unatentha. Makutu ake anatentha. Anataya lamba wake pansi. Apa ndi pamene anakuwa.

"Zakia! Ndiwe wakuba! Wandibera mizere yanga!"

"Mizere ilibe mwini," anatero Zakia.

"Ili naye! Mwini wake ndine!"

"Awa, chepetsa mawu," anatero Amayi. "Pali mlendo."

Awa anatseka pakamwa. Koma mtima sunatseke. Woyesa anali iye. Wophwasula anali iye. Msana unapweteka wake. Nanga bwanji akuyamika Zakia? Si chilungamo!

Awa anayang'ana lamba wa Zakia. Anali wautali. Anayang'ana wake. Anali wamfupi.

"Ababa adzaona wa Zakia," anaganiza. "Nawonso adzati, Zakia uli ndi mutu."

Madzulo Awa anapita kukhitchini. Anapeza mtolo wa milaza yachikasu. Anaunyamula wonse.

"Popanda chikasu, tione ngati aluka," anatero.

Anamva mapazi. Amayi ankabwera! Pakona panali ndowa yovundikira. Awa anatsegula msanga. Anaponyamo mtolo.

Chubwi!

Sanayang'ane. Anavundikira. Anathawa.

M'mawa Zakia anafunafuna chikasu. Anayang'ana pakhonde. Palibe. Anayang'ana kunsi kwa bedi. Palibe. Awa ankangoonerera. Koma nayenso sanaluke. Nayenso analibe chikasu.

Kenaka Amayi anaitana.

"Awa! Zakia! Tabwerani kuno."

Amayi anaima pafupi ndi ndowa. Mu ndowamo munali utoto wabuluu. Amayi anatulutsa mtolo uja. Sunali wachikasu. Sunali wabuluu. Unali wobiriwira!

"Mayo!" anatero Zakia. "Chikasu chapita kuti?"

"Chikasu chasamba mu buluu," anatero Amayi. "Utoto wachikasu unatha. Ababa anu akufika mawa. Wachita izi ndani?"

Awa anabisa dzanja kumbuyo. Amayi analigwira. Chala chake chinali ndi dontho labuluu.

"Ndine," anatero Awa. "Koma anayamba ndi iyeyu! Mufunseni nayenso! Osangofunsa ine ndekha!"

Amayi anatembenuka. "Zakia, mizere ija anaipanga ndani?"

Zakia anayang'ana pansi. Anakanda mchenga ndi chala.

"Ndikukufunsa, mwanangu."

"Ndi Awa," anatero Zakia. Misozi inatsika. "Ine sindidziwa kusankha mitundu. Ndikasankha, sizikongola. Ndimafuna kuluka ngati Awa."

"Ndiye ukanatero!" anatero Awa. "Ukanawauza Mayi Elina!"

"Mawu awo ananditsekemera," anatero Zakia.

Amayi anayala malamba awiri aja pansi. Wa Awa sankakwana mkeka. Wa Zakia sankakwananso. Anawaika pamodzi. Anakwana theka lokha.

"Taonani," anatero Amayi. "Wina wabisa dzina la mnzake. Wina wabisa chikasu. Ababa anu akhala pa chiyani? Pamchenga?"

 

Kenaka Zakia anaimirira. Anapukuta misozi. Anathamangira kumsewu. Awa anamutsatira.

"Mayi Elina!" anaitana Zakia. "Mizere ija si yanga. Ndi ya Awa. Anaipanga yekha."

"Ooo, choncho?" anatero Mayi Elina. "Ndiye ndinalakwa ndine. Awa, mutu uja ndi wako. Zakia, zala zija ndi zako."

Mtima wa Awa unazizira pang'ono.

Atabwerera, Awa anatenga mlaza wobiriwira. Anauika pakati pa yofiira ndi yoyera. Anauyang'ana. Anapendeketsa mutu. Sunali woipa.

"Zakia, wobiriwira ndi chiyani?" anafunsa.

Zakia anayang'ana m'mwamba. Anaona mtengo wa mango.

"Ndi masamba a mango!"

"Ndiye tenga. Wobiriwira akhale wako. Koma chikasu ndi changa. Wamva?"

"Ndamva."

Anakhala pansi onse awiri. Analuka. Ankaimba limodzi.

"Yofiira iwiri. Wobiriwira umodzi. Yoyera iwiri."

Zala za Zakia zinathamanga. Maso a Awa analondera.

"Walakwitsa apo! Iwiri, osati itatu!"

"Iwenso fulumira! Ukuluka ngati nkhono!"

Amayi anatenga singano yaikulu. Anasoka lamba wachikasu. Anasoka lamba wobiriwira. Wachikasu. Wobiriwira. Wachikasu. Wobiriwira. Mkeka unakula. Mkeka unakwana.

Tsiku lotsatira minibasi inaima pamsewu. Munatsika Ababa. Anali ndi chikwama chachikulu. Anali ndi kofia yoyera.

"Ababa! Ababa!"

Awa anagwira dzanja ili. Zakia anagwira dzanja ilo. Anawakokera pakhonde. Anayala mkeka.

Ababa anavula nsapato. Anagwada. Anasisita timabokosi ndi chala.

"Mashaallah," anatero poyamika Mulungu. "Mkeka wotere sindinauone. Ngakhale ku Joni kulibe. Waupanga ndani?"

Awa anayang'ana Zakia. Anadikira.

"Mizere anaipanga Awa," anatero Zakia.

Awa anamwetulira mpaka mano onse panja.

"Koma waluka kwambiri ndi Zakia," anatero. "Yofiira ndi bwato lanu. Yoyera ndi kofia yanu. Wachikasu ndi mango. Ameneyo ndi wanga."

"Wobiriwira ndi masamba ake," anatero Zakia. "Ameneyo ndi wanga."

Ababa anakhala pakati pa mkeka. Awa anakhala uku. Zakia anakhala uko. Amayi anabweretsa tiyi ndi zitumbuwa.

Awa anakoka malaya a Ababa.

"Ababa, wokongola kwambiri ndi uti? Wachikasu eti?"

"Ayi, wobiriwira!" anatero Zakia.

Ababa anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anatenga chitumbuwa. Anachiika chonse m'kamwa.

"Mmm, mmm," anatero, akuloza masaya awo.

Amayi anaseka mpaka tiyi anatayika. Zakia anaseka. Awa nayenso anaseka. Koma anakoka mbale ya zitumbuwa. Anaibisa kumbuyo.

"Mezani, Ababa. Tikudikira. China simulandira. Wachikasu kapena wobiriwira? Yankhani!"