Mng'ono wa Gendis Pansi pa Konkire

Chinthu choyamba chimene Wartini anaona atatsika pa njinga yamoto, khanda lili m'manja, chinali nyali. Inali pa malo olakwika.

Iye anali atagona kuchipatala cha kuchigwa kupitirira sabata chifukwa anataya magazi ambiri pobereka. Mwamuna wake, Kasno, ndiye anatenga nsengwa ya mwanayo, ija imatuluka pambuyo pa khanda, n'kukwera nayo kumudzi. Anaitsuka bwinobwino, anaikulunga m'nsalu yoyera, anaiika m'kamphika kadothi pamodzi ndi singano, pensulo ndi maluwa, n'kuikwirira kumanzere kwa khomo poti mwanayo anali wamkazi. Pamwamba anavundikirapo dengu n'kuyatsa kanyali mkati mwake. Aliyense m'mudzimo anakula akudziwa kuti nsengwa ndi mng'ono wake wa mwana, anakhalira limodzi m'mimba, ndipo sasiyidwa mumdima mpaka mwezi utatha ndi masiku angapo. Kasno anamuonetsa mkazi wake chithunzi pa foni, dengulo litagundana ndi mwala wopondapo pakhomo, kenako anabwerera ku ntchito yake ku minda ya kanjedza kutsidya la nyanja.

Tsopano mwala uja panalibe. Njira yatsopano ya konkire, yotuwa ndi yosalala, inadutsa mogundana ndi khoma la nyumba. Dengu ndi nyali zinali pakona, pafupi ndi tsinde la nthochi, pa dothi loti silinakumbidwepo.

"Mbok, amayi, nyaliyi yafika bwanji uko?" anafunsa motsitsa mawu.

A Painem, apongozi ake, sanamuyang'ane kumaso. "Anthu a ntchito anaisuntha. Ine ndinali kumunda. Pobwera ndinapeza simenti itagwira kale."

"Nanga mphika?"

"Lowetsa mwanayo, Nduk, kunja kuli mphepo." Nduk ndi mmene akuluakulu ankaitanira mwana wamkazi.

Chaka chimenecho khonsolo ya mudzi inalandira ndalama za chitukuko, ndipo pamsonkhano anagwirizana zinthu ziwiri: njira ya konkire yochokera ku holo ya mudzi kutsikira kumsewu waukulu, ndi malo osewerera ana. Malo osewererawo anatha msanga, ndi makatungwe awiri achitsulo, chotsetserekapo chofiira, komanso chikwangwani chachikulu cha mayina a anthu a mu khonsolo. Njira ndiyo sinafike. Inathera patsogolo pang'ono pa nyumba ya a Painem, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumsewu kunali dothi lofiira lomwe lija la kale.

Masiku oyamba khandalo, Gendis, linkayamwa bwino. Kenako thupi linayamba kutentha. Mzamba anakwera kudzamuona, anasiya mankhwala odonthezera pakamwa, nati ngati sasintha atsike naye kuchipatala. Madzulo aliwonse a Painem ankayatsabe nyali ija pakona, ndipo Wartini ankaiyang'ana pa zenera ikuwalira dothi lopanda kanthu.

Usiku umene phokosolo linayamba, mwana anali atangogona atalira nthawi yaitali. Achule a m'minda ya mpunga ankalira ngati masiku onse, nalimata anali kudenga, madzi ankadontha pa mtsuko wa kuseri. Mkati mwa zonsezo Wartini anamva kenakake katsopano, kakang'ono kwambiri, ngati chikhadabo chikukanda pansi pa mbale yadothi. Kwee, kwee. Kenako zii. Anadzutsa mutu pa pilo. Phokosolo silinkachokera kudenga kapena kukhitchini kumene makoswe amakonda. Linkachokera pansi, kunja kwa khoma, kumanzere kwa khomo. Linayambiranso, pang'onopang'ono, mosatopa, ndipo nthawi yomweyo Gendis anatsegula maso n'kulira kulira kopanda mphamvu, kotuluka ngati kochokera kutali.

M'mawa a Painem atatsegula chitseko anaima chilili. Dengu linali pakati pa njira, pamwamba penipeni pa malo amene Kasno anakumba, nyali ikuyakabe mkati.

"Ndiwe?" anafunsa.

"Ine sindinatuluke, Mbok."

A Painem ananyamula dengulo n'kulibwezera pakona, anthu opita kumunda asanayambe kudutsa. M'mawa wotsatira linali pakati pa njira. Wotsatira wakenso chimodzimodzi.

Nkhani inayenda. Wartini anaimva yekha pa ngolo ya Yu Sarmi wogulitsa ndiwo zamasamba, amayi atatembenuzira misana kwa iye poganiza kuti sakumva. Ena ankati abakha a bambo wina, Pak Sarijo, akafika pamalopo amagawikana pawiri, palibe wopondapo. Ena ankati njinga ya mphunzitsi inazimira pomwepo popanda chifukwa. Mayi wina anati mwamuna wake pochokera ku ulonda anamva katungwe akulira, kwiii, kwiii, kopanda mphepo, ndipo ataunikira anaona mpando ukuyenda wokha, motsika, ngati wakwerapo ndi kamwana kosafika mapazi pansi. Kuyambira tsikulo amayi analetsa ana awo kupita kumeneko, ndipo malo osewerera atsopanowo anangokhala mbee, utoto ukunyezimira.

Koma Yu Sarmi pomanga masamba a Wartini anaikamo mtolo wina wa masamba owonjezera mkaka wa m'mawere, ndipo Wartini atafuna kunena kuti sanaitanitse, mayiyo anangomufinya dzanja n'kuyang'ana kumbali.

Wartini sanali munthu wolankhula pamaso pa akuluakulu. Ngakhale kusukulu ankayankha atayang'ana pansi. Koma tsiku limene Gendis anakana bere anamusiyira a Painem n'kukwera ku holo. Anapeza Pak Ngadiyo, wapampando wa komiti ya ntchitoyo, ali yekha pa malo osewerera, akupukuta chikwangwani ndi malaya akale.

"Pak, ndimapempha chilolezo. Tiswe pang'ono pokha, tichotse mphika."

Pak Ngadiyo anaseka kuseka kotopa. "Iwe Nduk, ukufuna kundimangitsa? Oyendera ntchito ochokera kuboma akubwera sabata yamawa. Njira yosafika kumsewu ndili nayo kale pakhosi. Akapezanso dzenje pakati, anena kuti Ngadiyo anadya simenti n'kumwera tiyi. Chaka chamawa satipatsanso kalikonse. Dikira adutse, ndidzaswa ndekha, ngakhale ndi mano angawa."

"Mwana wanga safika sabata yamawa, Pak."

"Aaa, usamatero. Ku tauni nsengwa amangozisiya kuchipatala, ana n'kumakula mpaka kukhala madokotala. Tsika naye kwa mzamba, zimenezi ndi malungo basi."

Ananena zimenezi maso ali pa makatungwe, osati pa iye. Wartini atatembenuka kuti azipita, bamboyo anamuitana, n'kumupatsa ambulera yake, poti kumwamba kunali kutada. Iye anatsala pamenepo wopanda chofunda.

Mvula inayamba Wartini asanafike pakhomo, ndipo inagwa masana onse ndi tsiku lotsatira. Kumene konkire inathera, madzi otsika ndi njira yosalalayo anakumba dothi lofiira lija mpaka mbali ya phiri inagumuka n'kutseka njira yopita kumsewu. Mzamba anaimba foni kuti njinga singakwere, ndipo munthu wonyamula khanda asayerekeze kutsika pa matope oterowo. Anati azimunyowetsa milomo, ayesa kubwera kukacha. Kasno naye anaimba, mawu akuduladula. Wartini anangomva kuti, "Iswa... ndidzayankha ine..." foni n'kuduka.

Usiku umenewo mvula inaleka mwadzidzidzi, ndipo magetsi anali atazima m'mudzi monse. Mdima unali wolemera, wonunkha dothi lonyowa ndi masamba ovunda. Gendis anali pa mphasa pakati pa amayi awiriwo, khungu lotentha, liwombo likugunda mofulumira, akulira mosalekeza ndi mawu opyapyala ngati a mwana wa mphaka. A Painem ankanong'ona mapemphero, milomo yokha ikuyenda. Ndipo pansi pa kulirako, pansi pa madontho otsika padenga, kukanda kuja kunabwera. Kwee, kwee. Sikunalinso kwapang'onopang'ono. Kunali kofulumira, kosalekeza, ngati kwa chinthu chimene mpweya ukuchithera.

"Mukumva, Mbok?"

"Ndakhala ndikumva masiku onsewa," ananong'ona a Painem. "Ndimaopa kukuuza."

Wartini anadzuka. Anatenga chitsulo chosendera kokonati chimene chinali kuseri kwa chitseko, anachotsa mpiringidzo, natsegula.

Panjira panali munthu atanyonyomala, dengu la nyali lili pambali pake. Kuwala kochokera m'mipata ya dengulo kunkagwera pankhope yake mizeremizere. Wartini anatsala pang'ono kukuwa, koma munthuyo anakweza manja onse awiri.

"Ndine, Mbak, achemwali, ndine Tukijan. Musakuwe, chonde."

Anali bambo wa kumapeto kwa mudzi, wopanda munda, mmodzi wa amene analembedwa ganyu yothira konkire. Masiku amenewo Wartini ankapeza chinangwa chophika chitakulungidwa m'tsamba la nthochi pa zenera, osadziwa wosiya.

"Ndine ndinasuntha dengu tsiku lija," anatero monong'ona. "Kapitawo ankatikalipira kuti simenti iuma mu wilibala. Ndinati ndidzakumba mphika tikapuma, koma pobwera anzanga anali atathira kale. Ndiye usiku ndimabwera kudzabwezera nyali pamalo pake, kuti mwina asakhale mumdima. Ine ndili ndi ana anayi, Mbak, ndikudziwa."

Wartini anatsamira chitseko. "Ndiye ndinu mumakanda usiku wonse? Mwatiopseza, Pak."

Tukijan anamuyang'ana, kenako anayang'ana chizulo choswera konkire ndi nyundo zimene zinali m'thumba lake, zokulungidwa m'sanza.

"Chizulo ndabwera nacho lero, ndipo sindinachigwiritse. Ine ndimaika nyali n'kuthawa. Ndimathawa chifukwa nanenso ndimamva kukandako."

Mkati Gendis ankalirabe. Pansi pa mapazi awo, mkati mwa konkire yonyowa, munamveka kwee, kamodzi.

"Iswani," anatero Wartini.

Nyundo yoyamba inamveka mudzi wonse ngati mfuti. Tukijan anakulunga mutu wa chizulo ndi sanza koma sizinathandize. Wartini anagwada pambali pake, akuchotsa zibenthu ndi manja, akupanikiza chitsulo chake m'ming'alu. Nyumba zoyandikana sizinatsegule zitseko, ngakhale panalibe amene anali mtulo. Konkireyo inali yochindikala pamenepo kuposa pena paliponse, chifukwa dothi lokumbidwa kumene linali litatitimira.

Kuwala kwa tochi kunatsika kuchokera ku holo. Kunayenda pang'onopang'ono n'kuima pamwamba pawo. Tukijan anasiya nyundo ili m'mwamba.

Pak Ngadiyo anali atafunda nsalu yogonera, mapazi ali matope okhaokha. Anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali, anayang'ana zala za Wartini zikutuluka magazi, anamvetsera kulira kwa m'nyumba. Wartini anadikira kuti akalipe. Bamboyo anapuma mozama, nanyonyomala, n'kulozetsa tochi m'dzenjemo.

"Ukumenya pakati, Jan, n'chifukwa chake anakulemba ganyu yotsika mtengo," anatero ndi mawu osasa. "Menya m'mbali. Uswa mphika."

Chibenthu chomaliza chitachoka panaoneka dothi lakuda. Wartini anakumba ndi zala, osalola wina aliyense kukhudza. Anamva mkombero wa chivundikiro, anakumba mozungulira, nalowetsa manja onse awiri pansi pake. Mphikawo unali wosasweka, chivundikiro chili pamalo pake. Dothi lonse lozungulira linali lozizira ndi mvula.

Mphikawo unali wotentha.

Unali wotentha ngati mphumi ya mwana wodwala, ndipo kutenthako kunamulowa m'zikhato mpaka m'mikono. Sanauze amuna aja. Anautukula pang'onopang'ono, monga mmene amatukulira khanda pa mphasa, dzanja lina pansi, nauika pachifuwa pake n'kuufunditsa ndi mpango. Kukanda kunali kutaleka.

"Wapezeka," anatero Tukijan, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Wapezeka, Mbak. Tsopano zikhala bwino."

Pak Ngadiyo anali atatembenuzira mutu ku chitseko, akumvetsera, ndipo Wartini anazindikira chimene bamboyo anamva. M'nyumba munalibe kulira. Sanadziwe kuti kunaleka nthawi yanji. Anaima pamenepo, mphika uli pachifuwa, akudikira kumva kakutsokomola, kapena kakupuma, kapena mawu a a Painem onena kuti mwana wagona. Madzi ankadontha padenga. Pachifuwa pake, pansi pa mpango, dothi la mphikalo linayamba kuzizira.

Kenako mumdima wa m'nyumbamo a Painem analankhula. Chiyambire ukwati sanamuitanepo dzina lake, koma usiku umenewo analitchula lonse, mofatsa kwambiri.

"Wartini. Lowa naye mng'ono wakeyo, mwana wanga. Bwera uwagoneke pamodzi."