Chibowo Chotsala

Chisanu cha chaka chimenecho chinapeza mwana akutsokomola kale. Mayi ake, telala wa pakhonde, anali atatopa nazo zomangosuntha kama kuthawa podontha. Denga lakale linali litawola, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti chifuwa cha mwanayo sichingapole m'chipinda chachinyezi.

Amuna ake, amene anthu ankangowati a Mawa chifukwa ntchito iliyonse ankaiikira mawa, anabwera ndi malata pangolo.

"Denga ndi malata, mayi," anatero akudzigunda pachifuwa. "Mvula imangotsetsereka, makoswe alibe pobisala, dzuwa likangotuluka nyumba yonse yafunda."

Zonsezo zinali zoona. Koma malatawo anali ophwasula panyumba ina, zibowo za misomali yakale zili mbwee. Atawakhoma, munthu ukagona chagada masana unkaona denga ngati sefa.

"Nanga zibowozi?" anafunsa mayiyo.

"Ndimata mawa ndi phula."

Phula linagulidwa, n'kukhala kuseri kwa chitseko mpaka kuchita fumbi.

Madzulo ena kunayamba mvula yowaza, yozizira mpaka m'mafupa. Anadya, anagona. Dontho linayamba kugwera pabulangete la mwana. Mwana anatsokomola. Mayiyo anangoluma mano.

Kenako padenga panamveka gu!

"Bambo ake, mwamva?"

"Malata amatero akamazizira," anayankha a Mawa ali m'zofunda. "Gonani."

Gu! Gu! Amenewo sanali malata. Anali mapazi. Ankaponda pang'onopang'ono, motsata mzere wa misomali, mmene amayendera amisiri kuopa kupinda lata. Anadzaima pamwamba penipeni pa kama wa mwana.

Panamveka kukwecha. Kenako m'chipinda monse munadzaza fungo la phula lotentha. Mayiyo anayang'ana kuseri kwa chitseko. Chitini chawo chinali pomwepo, chotseka.

Dontho lija linaleka.

Mapazi anasuntha pang'ono. Kukwecha. Dontho lina linaleka. Mayiyo anakumbatira mwana. A Mawa n'kuti akuliza mkonono.

Kutacha mayiyo anatuluka n'kukwera pampando wake wosokera. Makwerero panalibe. Pamame a padenga panali zidindo za mapazi opanda nsapato, zoyambira pakati pa denga, zothera pakati pomwepo. Zibowo zinali zitamatidwa bwinobwino, kupatula chimodzi cha kukhonde.

Mantha anali nawo, koma ukali ndiwo unaposa.

"Koma abale inu! Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma, mwamuna ndili naye m'nyumba, ndiye denga adzandimatire wosaoneka?"

Mayi woyandikana naye nyumba anamva, nabwera kumpanda akunong'ona.

"Anzanga, malatawa ndikuwadziwa kumene achokera. Mmisiri wake anagwa padenga ali mkati momata, sanadzukenso. Amati amawatsata malata akewo. Akamata chibowo chomaliza amatsika, n'kulowa m'nyumba kudzaona ngati pakudonthabe."

"Akalowa amatani?"

"Eni nyumba ija anasamuka m'mamawa, mbale zili pathebulo. Palibe amene anawafunsa."

A Mawa atamva zimenezi anadumpha ngati aponda moto. "Tiphwasule lero lomwe! Ndikukatenga hamala."

"Lero?" Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwalidziwa liti liwu limeneli, bambo?"

Analowa kuchipinda. Mwana anali m'tulo tofa nato, bulangete lili louma, akupuma mosalira pachifuwa koyamba chiyambire chisanu. Anaima pamenepo kanthawi. Kuphwasula kunali kumubwezera mwanayo m'chinyezi chija. Kusiya kunali kudikira mlendo wa chibowo chotsala.

Anatuluka n'kulanda hamala m'manja mwa amuna ake.

"Lata limodzi lokha mukalikhudza, mudzagona panja inuyo."

Anatola msomali, anakwera pampando, n'kuboola lata la kukhonde, kutali ndi chipinda cha mwana. Anaboolanso pena.

Mpaka pano oyandikana nawo amamva hamala m'mawa uliwonse, ndipo a Mawa amadandaula kuti mkazi wawo akuwononga malata abwinobwino. Usiku mapazi akayamba, mayiyo amangofunditsa mwana n'kumvetsera kukwecha kukhonde. Hamala ndi msomali zimagona pansi pa pilo wake, kuti tsiku lina asadzaiwale.