Dzanja Lamanja la Yero

Yero anaona mkulu wake Bokar komaliza pa siteji ya basi ku Tambacounda, m'dziko la Senegal. Kunali fumbi. Kunali mphepo youma.

Bokar ankagwira ntchito m'nkhalango yosungira nyama. Ankaperekeza alendo.

"Achimwene, nditengeni," anatero Yero. "Ndikaone ntchefu."

"Iwe, Kankhanga? Ndi timiyendo itito?" Bokar anaseka. "Anyani akakuyesa mwana wawo!"

Hutala ya basi inalira. Bokar anapereka dzanja lamanzere. Wapaulendo amatsazika choncho. Lamanzere ndi dzanja lolakwika. Ndiye amayenera kubwerera, adzakonze ndi lamanja.

"Sunga lamanjalo," anatero Bokar. "Ndibwera kudzalitenga."

Bokar sanabwere. Anadwala malungo kunkhalango komweko. Anamwalira mvula isanagwe.

Yero anasunga dzanja lake. Analiika m'thumba. Ankalitulutsa pakudya pokha.

Aphunzitsi anapereka moni. Dzanja lili m'thumba.

Amalume anapereka moni. Dzanja lili m'thumba.

"Mwana wamwano uyu!" anakalipa amalume.

Kunyumba, amayi anamufunsa mofatsa. "Mwananga, dzanjali latani?"

"Ndi la achimwene," anatero Yero. "Sanabwere kudzalitenga."

 

"Ndiye tikamuperekere komweko," anatero amayi.

Anakwera basi. Anadya mtedza panjira. Pachipata cha nkhalango anapeza Tidiane, mnzake wa Bokar.

"Mwafika, amayi. Pepani ndi zija," anatero Tidiane. Kenako anayang'ana Yero. "Eee! Kankhanga uja ndiwe?"

Tidiane anapereka moni. Dzanja lili m'thumba. Tidiane anangomwetulira.

Analowa m'nkhalango pa galimoto. Udzu unali wautali. Udzu unali wouma.

Anaona njiri. Zinathawa, michira ili chilili.

"Ntchefu ili kuti?" anafunsa Yero.

Anaona mvuu mumtsinje wa Gambia. Zinangotulutsa makutu.

"Ntchefu ili kuti?"

"Ntchefu ndi yamanyazi," anatero Tidiane. "Imaposa mkwatibwi."

Anafika padziwe. Pambali pake panali nsanja yoonerapo nyama.

"Nsanja iyi tinamanga ndi mkulu wako," anatero Tidiane. "Anali wovuta, paja! Simenti isanaume, iye wadindapo kale dzanja. Abwana anakalipa mpaka anyani anathawa."

Yero anagwada pamasitepe. Dzanja linalipo. Dzanja lalikulu. Zala zisanu.

Anaikapo lamanzere. Zala sizinagwirizane.

Yero anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu.

Pang'onopang'ono, Yero anatulutsa dzanja m'thumba. Analiika m'dzanja la Bokar. Chala pa chala. Chala pa chala.

Linali lamanja.

Simenti inali yofunda ndi dzuwa. Inali yofunda ngati dzanja la munthu.

"Achimwene," ananong'ona Yero, "nali. Ndinasunga."

Nkhanga zinalira muudzu. Yero sanachotse dzanja msanga. Palibe anamufulumiza.

Kenako anaimirira. Anapukuta maso. Anapereka dzanja lamanja kwa amayi.

"Muli bwanji, amayi?"

Amayi anaseka, misozi ili mbwe. "Ndili bwino, mwananga. Ndili bwino tsopano."

"Nanga ine?" anatero Tidiane. "Ndine chitsa?"

Yero anam'patsanso. Tidiane analigwedeza mpaka phewa kuwawa.

Anakwera pansanja onse atatu. Anadikira. Kunabwera anyani. Kunabweranso njiri zija. Ntchefu sinabwere.

"Tidzabweranso," anatero amayi.

Potsika, Yero anagwadanso. Pansi pa dzanja lija panali timalemba. Bokar anakanda ndi msomali tsiku limene anadinda dzanjalo. Yero anawerenga yekha, mokweza.

Loweruka, 9 Malichi 2019.