Dzina la pa Chiphaso

Anakumana pawindo lachiwiri la ofesi yolandirira katundu kudepoti ya mabasi, Lachinayi m'mawa, mzere utafika pakhomo.

Mtsikanayo anthu ankangomutchula kuti Dokotala, chifukwa ankakonza mafoni. Kashopu kake kanali pakati pa saluni ndi wosoka nsapato, ndipo sabata iliyonse ankapita kudepoti kukatenga masikirini ndi mabatire omwe ankaitanitsa kutali. Ntchitoyi ankaikonda. Kwa iye foni yakufa inali ngati ndagi: yankho limakhala m'kati momwemo, chofunika ndi kuleza mtima basi.

Chomwe ankadana nacho linali windo lija.

Pawindo ankafunsa chiphaso. Pachiphaso chake panali chithunzi cha mnyamata wometa mpala, wovala taye, ndi dzina lachimuna lomwe anapatsidwa atabadwa. Dokotala anadziwa ali wamng'ono kuti iye ndi mkazi, ndipo zaka zisanu zinali zitadutsa akukhala choncho poyera, tsitsi loluka, ndolo kukhutu. Koma pepala silimva. Anayendera maofesi atatu kuti alisinthe. Yoyamba inamutumiza kwachiwiri, yachiwiri kwachitatu, ndipo yachitatu inamuuza mwaulemu kwambiri kuti fomu yotere sanaionepo.

Choncho Lachinayi lililonse zinkayenda mofanana. Kalaliki ankayang'ana chiphaso, kuyang'ana iye, kuyang'ananso chiphaso, kenako n'kuwerenga dzinalo mokweza ngati akuitana basi, mzere wonse n'kutembenuka.

Tsiku limenelo pawindo panali kalaliki watsopano, wamtali, bolopeni atapanira kukhutu. Anayang'ana chiphaso, n'kuyang'ana Dokotala. Kenako anachitembenuza chafufumimba, n'kuchikankhira kwa mwini wake dzanja litachiphimba.

"Chemwali, sainani apa."

Chemwali. Kodi munthu angagwe m'chikondi chifukwa cha liwu limodzi? Dokotala ankaseka anzake akamakamba zotere. Tsiku limenelo anasaina pamzere wolakwika.

Madzulo akutseka shopu, foni yake inalira.

"Pepani, ndaba nambala yanu pafomu. Ndine wa pawindo lachiwiri. Kodi mumakonzanso mitima? Wanga ukungozima wokha chikuonereni."

Dokotala anawerenga kawiri, n'kuyankha: "Bweretsani. Koma dziwani kuti ndikatsegula, galanti yatha."

Atakumana Loweruka pabenchi ya kuseri kwa depoti, Dokotala sanazungulire. Chiphaso kalalikiyo anali atachiona kale, ndiye panalibe chobisa. Anamuuza za bambo ake omwe sanamulankhule chichokereni iye pakhomo, za mayi ake omwe ankamuimbira bambowo akachokapo, ndi za eni nyumba awiri omwe anamutulutsa atamva mphekesera. Anamuuzanso kuti ngati wabwera kudzangoona zachilendo, msewu ndi uwo.

Kalaliki anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamugwira dzanja.

"Dzina lija ndinaliiwala tsiku lomwelo, duwa langa. Pakamwa panga pano silidzatuluka. Likadzatuluka, mano awa adzagwe."

"Mano alibe sipeya, usawalumbirire," anatero Dokotala. Koma dzanja sanachotse.

Inatha miyezi isanu ndi itatu yokoma. Kalaliki anayamba kumubweretsera yekha katundu nthawi ya nkhomaliro, kuti asamaimenso pamzere. Ankakhala pakireti yotembenuza, n'kumamuonerera akutola timasikuluwu tating'ono ngati mchenga, ndipo ankati manja otere sanawaonepo. Mayi wa saluni akamuona akutulukira pakona, ankagogoda khoma ndi chipeso.

"Alamu afika! Dokotala, pukuta guluu m'manjamo, ungawamate."

Mameseji ankabwera m'mawa uliwonse basi yoyamba isananyamuke. "Wadzuka bwanji Dokotala wanga? Wodwala wako akufuna mankhwala." Ndipo Dokotala ankayankha kuti wodwala wake ndi waulesi chabe, apite kuntchito.

Panali tinthu tingapo tomwe sitinkagwirizana, ndipo munthu wokonda ndagi sakanalephera kutiona. Kalaliki ankakhala ndi achemwali ake aakulu, aphunzitsi, omwe anamulera makolo atamwalira, ndipo mpaka pano ankamupisabe m'matumba ndi kumuonera m'foni ngati mwana wa sukulu. Dokotala akamuimbira ali kunyumba, mawu a mnyamatayo ankasintha, n'kukhala okhuthala: "Eya aise, ndamva, tionana mawa." Mameseji onse ankafufuta akangowerenga, ati foni yadzadza. Tsiku lina anayankha foniyo ndi achemwaliwo, ndipo Dokotala asanatsegule pakamwa anamva akuti, "Mnzanuyu ali kubafa, achimwene, muimbenso."

Dokotala anaika zonsezi pamodzi n'kupeza yankho: m'foni mwake wandilemba kuti Makaniko, kapena Kondakitala. Atamufotokozera mayi wa saluni, mayiyo anaseka mpaka kukhala pansi. Anati amuna onse ndi choncho. Mwamuna wake anali ndi Pulambala m'foni yemwe ankaimba katatu patsiku, chikhalirecho nyumba yawo inalibe mpopi.

Dokotala anaseka nawo. Zinkamupweteka pang'ono, koma ankamvetsa. Ndani ankadziwa kuposa iye kuti kuuza abale zoona kumafuna nthawi? Komanso kalaliki anali atalonjeza: "Mwezi wamawa ndikakuonetsa kwa achemwali, mtima wanga. Ndikawauza kuti mkazi wanga ndi uyu." Mwezi wamawawo unkangosuntha, koma lonjezo linalipo.

Ndiye Lachiwiri lina katoni yolemera inagwera foni ya kalaliki. Anafika nayo kushopu sikirini itasweka ngati dzira, yakuda bii.

"Lero ndiye wodwala weniweni wabwera," anatero, n'kukhala pakireti pake.

Dokotala anasankha sikirini yabwino kuposa zonse zomwe anali nazo. Anatenthetsa m'mbali, n'kutukula galasi losweka pang'onopang'ono, kulumikiza latsopano, kumata, kupukuta. Anali ndi lamulo lake pantchito: za m'kati mwa foni ya munthu sankatsegula, kaya zithunzi kaya mameseji. Ankangoyesa zinthu ziwiri. Choyamba, kugusa makona onse anayi kuti aone ngati galasi likumva chala. Chachiwiri, kuiimbira ndi foni yake kuti amve ngati ikulira.

Makona onse anayi ankamva. Anatenga foni yake.

Kalaliki, yemwe ankaseka ndi mayi wa saluni pakhomo, anatembenuka n'kudzuka msangamsanga. "Dikira kaye, usa..."

Foni inalira patebulo. Sikirini yatsopano inawala, yoyera, yopanda kachikanda n'kamodzi komwe. Pakati pake panali dzina la pachiphaso lija. Lonse, loyamba ndi la bambo ake, lolembedwa bwinobwino, ngakhale chilembo chija chomwe aphunzitsi onse ankachilakwitsa.

Mayi wa saluni anabwerera mwakachetechete kwa kasitomala wake.

Dokotala anaisiya foniyo ilire mpaka inaduka yokha.

"Ikulira bwino," anatero.

Kalaliki anayamba kufotokoza mofulumira. Anati achemwali ake akanaona dzina la mkazi, mafunso sakanatha. Anati analemba tsiku loyamba lija akukopera pafomu, asanadziwe kuti zifika pati. Anati ndi zilembo chabe, ndipo mumtima mwake iye ndi Dokotala wake, duwa lake, palibe wina. Anakumbutsanso kuti lonjezo lake sanaphwanye, dzinalo pakamwa pake silinatulukepo.

"Zoona, mano ako onse alipo," anatero Dokotala. "Koma ndifunse chimodzi. Ukanalemba Makaniko, ndikanaseka. Ndinaseka kale. Maina onse ali padziko pano, bwanji limeneli?"

Kalaliki anayang'ana pansi, n'kumasisita khutu lopanda bolopeni.

"Ndinkaganiza kuti zikadzaululika, achemwali sadzanena kuti ndinawanamiza."

Anangozindikira zomwe wanena mawuwo atatuluka kale.

Ndagi ija tsopano inali itamasuka, ndipo yankho linali losavuta moti Dokotala anadzidabwa. Makaniko likanakhala bodza. Dzina ili, kwa kalaliki, ndiye linali zoona. Bodza linali duwa. Miyezi isanu ndi itatu, m'mawa uliwonse, mnyamatayu ankalemba "mtima wanga" pansi pa dzina limenelo, diso lake osaphethira.

"Ndisintha pompano," anatero kalaliki. "Taona, sizitenga ndi mphindi yomwe."

"Ndikudziwa kuti sizitenga mphindi. Mafoni ndi ntchito yanga."

Anapukutanso galasi ndi kansalu, n'kumupatsa foniyo ndi manja awiri, monga ankachitira ndi makasitomala onse.

"Musaiike m'thumba lakumbuyo mpaka guluu aume. Ndipo katundu wanga musamavutike naye, ndizidzatenga ndekha."

Kalaliki atapita, Dokotala anakhala pakireti paja n'kulira. Mayi wa saluni analowa, sanalankhule za amuna onse ulendo uno. Anangoima kumbuyo kwake n'kuyamba kumukonza tsitsi lomwe silinkafuna kukonza.

Mameseji anabwera Lachitatu lonse. "Ndikhululukire" analembamo kasanu. Kenako kunabwera chithunzi cha sikirini ija, pamwamba palembedwa "Dokotala wanga", ndi kamtima kofiira. Dokotala anachiyang'ana nthawi yaitali. Ankamukondabe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkamukwiyitsa. Koma kodi achemwali aja chithunzichi anachiona? Nanga madzulo akafika pageti la kwawo, palembedwa chiyani? Sanayankhe.

Lachinayi m'mawa anavala ndolo zake zazikulu n'kupita kudepoti. Pawindo lachiwiri mzere unali waufupi, ndipo kalaliki atamuona anaimirira, dzanja lili kale pakatoni yake. Dokotala anakaima pamzere wa windo loyamba, wautali, n'kudikira.

Kumeneko kunali kalaliki wakale uja, bambo wa mawu aakulu. Anatenga katoniyo kwa mnzake, n'kuyang'ana chiphaso, kuyang'ana Dokotala, kuyang'ananso chiphaso. Kenako anawerenga dzinalo mokweza, mzere wonse n'kutembenuka.

Zinamubaya ngati kale, koma osati ngati Lachiwiri. Bambowa ankangowerenga zolembedwa. Sanamugwirepo dzanja.

"Ndi inuyo?" anafunsa bamboyo.

Dokotala anatenga bolopeni n'kusaina pamzere woyenera.

"Katunduyo ndi wanga, bambo," anatero mokweza bwino, kuti ndi pawindo lachiwiri pomwe amve. "Dzinalo ayi."